Lamba wa Wotchi ya Mayi Anu

Fatsani ndi Esinati, ana anga, za ubwana wanga ku Chiradzulu ndazidumpha dala. Munazimva mpaka kutopa nazo, ndipo zina ndinkakometsera kuti mudye ndiwo zamasamba osadandaula. Pano ndikufuna kulemba za ntchito yanga ya mawotchi, chifukwa nonse awiri mwandifunsapo, aliyense mwa njira yake, kuti zinatheka bwanji kuti mayi anu adwale miyezi yonse ija inu osadziwa, komanso chinandilowa n'chiyani kuti tsiku lina ndingotenga foni n'kuulula. Pakamwa ndinalephera kukuyankhani. Yankho lake lili m'ntchitomo, choncho lezani mtima tiyambire kumene inayambira.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Limbe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza m'sitolo ya mmwenye wina ku Limbe, momwe ankagulitsa mawayilesi, mawotchi ndi malezala. Anandilemba ngati wosesa, ndipo ndinkagona kwa amalume ku Bangwe n'kumatsika wapansi m'mawa uliwonse. Kuseri kwa kauntala, pafupi ndi zenera, kunali tebulo la Che Amidu, mkulu wachiyao wa ndevu zoyera amene ankakonza mawotchi. Sankaseka wamba. Tsiku loyamba lenilenilo anandilanda tsache. "Mwanache, pozungulira tebulo langa sasesa," anatero. "Pansi apa pamagwa zinthu za anthu. Ugwade, utole ndi zala." Ndinagwada miyezi yambiri, kutola timapini ndi timasikuluwu tovuta kuona, mpaka tsiku lina anauza bwana kuti, "Maso a mnyamatayu akungotayika pa tsache. Mundipatse ine." Bwana anavomera msanga, poti malipiro sanasinthe.

Ine ndinkati tsopano ndiyamba kutsegula mawotchi n'kumavala padiso kagalasi kokulitsa zinthu ngati ka Che Amidu, atsikana odutsa pazenera azindiona. Ayi ndithu. Che Amidu anandiika pa malamba chaka chathunthu, ndipo ndinkapsa mtima poganiza kuti akundiderera. Tsiku lina ndinadandaula kwa iwo. "Wotchi imafa mwa apo ndi apo," anatero. "Lamba ndiye amagona ndi munthu n'kudzuka naye. Akathina, munthu amadana ndi wotchi yabwino. Akakhwepa, wotchi imagwa m'basi. Iwe ukuti ndi ntchito yaing'ono?"

Ndikufotokozereni mmene lamba wachitsulo amapangidwira, chifukwa popanda zimenezi za kutsogoloku simuzimvetsa. Amapangidwa ndi tizidutswa tolumikizana timene ife timangoti malinki. Linki iliyonse imagwirana ndi inzake ndi kapini kopyapyala ngati singano. Mukatembenuza lambayo, mkati mwake muli timivi tosonyeza mbali imene kapiniko kamatulukira. Wopupuluma amakamenya mobwerera, n'kukapinda, kenako n'kumatukwana amene anapanga. Pochotsa malinki umachotsa mbali zonse ziwiri, kuti loko, pamene lamba amatsekera, ikhale pakati penipeni kunsi kwa mkono. Pa lokopo palinso timabowo tosunthira pang'ono, ngati linki yathunthu yachuluka. Ukamaliza umalowetsa chala chaching'ono pakati pa lamba ndi khungu: chikalowa movutikira pang'ono, saizi yakwana. Koma chachikulu ndi ichi, si linki iliyonse imene ili ndi kamuvi. Opanga amalola kuchotsa okhawo amene ali kufupi ndi loko. A kufupi ndi wotchi yeniyeniyo ndi omatiratu, sachoka. Amene anapanga anayerekeza mkono waung'ono kwambiri umene munthu wamkulu angakhale nawo, n'kulekezera pomwepo.

Che Amidu analinso ndi lamulo lawo. Malinki amene wachotsa si ako, umawakulunga m'kapepala n'kumupatsa mwini. Bwana ankafuna kuti tiziwasunga m'chitini kuti tidzagulitse kwa ena, ndipo nkhaniyi ankaiyambitsa pafupipafupi, koma mkulu uja sankasunthika. "Bwana, mkono wa munthu sukhala chimodzimodzi," ankatero. "Uyu lero ndi kalaliki wowonda. Akadzamukweza pantchito adzabwera kudzabwezeretsa." Ndipo ankabweradi, mimba patsogolo, kapepala kaja m'thumba la jekete. Ine ndinkasangalala nawo anthu amenewo. Kubwezeretsa linki ndiyo inali ntchito yokoma kuposa zonse patebulo lija.

Mayi anu, a Nankhoma, ndinawadziwa pa lamba. Anabwera ndi wotchi imene achimwene awo anawagulira atamaliza kuphunzira taipi, ndipo inkatsika mpaka pa zala. Ntchito yathu ili ndi mwayi umodzi, munthu amakupatsa yekha mkono wake. Ndinayeza, ndinachotsa linki, ndinayezanso, ndinasuntha kabowo, ndinayezanso. Che Amidu, osadzutsa n'komwe mutu, anangoti, "Mkonowo wauyeza mokwanira, mwanache. Abwezere eni ake." Mayi anu anaseka mpaka kugwira kauntala. Patapita sabata anabweranso akuti lamba wathina, koma anali bwinobwino.

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990, m'tauni ndi ku Ndirande

Che Amidu atakalamba anabwerera kwawo ku Mangochi, ndipo sitolo ija inasiya zokonza mawotchi. Ndinapeza malo m'sitolo ina m'tauni mwa Blantyre. Kumeneko ndiye ndinaona kusowa kwa zipangizo. Mawotchi a batire anali atafala, koma mabatire ake ankatha miyezi osapezeka, ndipo timapini ndinkachita kusula ndekha ku masipoko a njinga, kuwapala ndi tupa mpaka zala kutupa. Bwana wa kumeneko anali mnyamata wophunzira, waulemu ndithu, koma ankafuna kuti wotchi iliyonse yovuta ndizinena kuti yafa, mwini agule yatsopano. Ine pakamwa panga pankalemera kunena zimenezo munthu wake ataima pomwepo. Sitinakangane. Ndinangomutsanzika, n'kukaika tebulo langa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Ndirande, pakati pa telala ndi wosoka nsapato. Nthawi imeneyo n'kuti tikumanga kanyumba ka ku Machinjiri kamene munakuliramo.

Pakhonde paja m'pamene ndinaphunzira mbali ina ya lamba imene Che Amidu sanandiuze. Zinali zaka zija za matenda, pamene maliro anachuluka mpaka anthu kumasankha oti apiteko. Amuna anayamba kubwera kudzachotsa malinki pa mawotchi amene avala zaka zambiri. Ndimakumbukira bambo wina wa muofesi, wa tayi tsiku lililonse, amene ine ndemwe ndinamuwonjezerapo malinki atanenepa. Anaika mkono patebulo n'kunena akuyang'ana kumsewu, "Madala, lambayu watanuka." Chitsulo sichitanuka, ana anga, ndipo iye ankadziwa kuti ine ndikudziwa. Koma ndinati, "Amaterodi malamba a masiku ano, bwana," n'kuchotsa linki. Anabweranso, ndinachotsanso. Ulendo womaliza ndinatembenuza lamba, ndipo timivi tinali titatha. "Bwana, ochotsa atha," ndinatero. Anaika wotchiyo m'thumba la malaya n'kundithokoza mwaulemu kwambiri. Sipanapite nthawi yaitali, mkazi wake anadutsa pakhondepo atavala zakuda. Ankandidziwa, ndiye anaima. "Sanatiuze kanthu, bambo," anatero. "Tinangoti ndi ntchito ikuwachulukira."

Anthu otere anali ambiri, ndipo onse ankanena mawu ofananawo, kuti lamba watanuka. Ndinayamba kuona ndekha kuti munthu akafika pothera malinki, nthawi yake imakhala itatsala pang'ono. Si nzeru za kuchipatala zimenezi, n'zimene maso anga anaona patebulo basi. Lamulo la ntchito linali losalembedwa koma lomveka: sufunsa, ndipo suuza munthu. Choncho ndinkadziwa za m'nyumba za anthu eni nyumbawo asanadziwe, ndipo pakhondepo ndinalibe womuuza. Telala ndi wosoka nsapato ankacheza tsiku lonse za mpira ndi ndale, ine pakati pawo ndili ndi katundu wanga mumtima. Madzulo ndikafika kunyumba osalankhula, inu munkati bambo ndi ovuta. Mayi anu okha ndi amene ankadziwa, poti za malambazi ndinkawauza osatchula maina. Ankangondifunsa kuti, "Lero watanukanso wa ndani?" Ine n'kupukusa mutu, iwo n'kundisiya.

Mafoni atabwera

Chimene chinapha ntchito yathu ndi foni. Munthu aliyense anayamba kuona nthawi m'thumba, ndipo amene ankavalabe wotchi ankagula zotchipa zapulasitiki zimene zikafa umangotaya. Telala uja anamwalira, wosoka nsapato anabwerera kwawo ku Phalombe, ndipo malo awo anatenga anyamata ogulitsa mayunitsi ndi machaja, amene ankandipatsa moni waulemu n'kubwerera m'mafoni mwawo. Ndinkatha tsiku lathunthu osatsegula bokosi la zida. Inu n'kuti mutachoka, Fatsani ku Mzuzu, Esinati ku South Africa. M'mawa ndinkakwerabe minibasi kupita ku Ndirande, osati chifukwa kunali ntchito, koma chifukwa sindinkadziwa kuti mwamuna amatani pakhomo masana.

Kenako kunabwera mawotchi olumikizana ndi foni, amene achinyamata amati simatiwotchi. Yoyamba imene ndinaigwira ndinaitembenuza uku ndi uku kufuna potsegulira, osapapeza. Ndi yomata ndi guluu, ndipo mkati mwake mulibe chilichonse chimene munthu ngati ine angachiritse. Ndinati basi, anditsekera kunja. Koma opanga ake analakwitsa chinthu chimodzi mokomera ine: ankaziika pa malamba a labala. M'mwezi wa Okutobala, kutentha kwa ku Ndirande kuja, labala amasunga thukuta, khungu n'kuyamba kuyabwa ndi kutuluka nsungu. Wachikopa nayenso akanyowa ndi mvula amanunkha n'kung'aluka. Ndiye anthu anayamba kugula malamba achitsulo padera, ndipo lamba wachitsulo amabwera wamkulu, wofuna kuchepetsa. Mnyamata wa jini yong'ambika dala ankafika n'kunena, "Madala, mumatha kuchotsa malinki? Ndayesa ndi singano ya amayi, yathyoka." Ine n'kuvala kagalasi kanga mwaulemerero.

Pali malamba ena achitsulo oluka ngati ukonde, otseka ndi maginito, amene munthu amangokoka yekha mpaka pamene wafuna. Ndi anzeru ndithu, sindingakane, ngakhale amakoka ulusi wa juzi ndipo maginitowo amatola zitsulo zonse zapatebulo. Koma ine sindinawakonde, ndipo si chifukwa chongoti ankandilanda ganyu. Lamba wotero munthu amamuchepetsa yekha m'chipinda, tsiku ndi tsiku, iye mwini osazindikira kuti wasuntha. Wamalinki amakukakamiza kupereka mkono wako kwa munthu wina. Ndinagwira ntchito imeneyi zaka zingapo, mpaka maso atayamba kuchita nkhungu ndi zala kunjenjemera. Ndinanyamula bokosi langa n'kubwerera nalo ku Machinjiri, ndipo palibe amene anachita mwambo wonditsanzika.

Chaka cha namondwe

Chaka cha namondwe uja amene anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manje, iwe Esinati unali utakhala ku Cape Town zaka zingapo. Ukudziwa wekha mmene unavutikira poyamba, kugona anthu ambiri m'chipinda chimodzi, kuchapa zovala za anthu amene mawa lake amakukana. Kenako unapeza ntchito yosamalira mayi wina wokalamba, kwa anthu amene ankakulemekeza n'kukupatsa chipinda chakochako. Mayi ako ankainena ntchito imeneyi m'pemphero lililonse. Masiku a namondwewo mafoni anasiya kugwira, ndipo unakhala mtima uli m'mwamba osadziwa ngati tili moyo. Zitatha unatumiza kabokosi pa basi, n'kuimba foni.

"Adadi, wotchiyo ndi ya amayi," unatero. "Fatsani akabwera pa Pasaka ailumikiza ndi foni yawo. Ine kuno ndiziona mmene mtima wawo ukugundira, ndiponso ngati ayenda kapena angokhala. Lamba ndasankha dala wachitsulo wamalinki, kuti nanunso mupezeko ganyu."

Ndinaseka, koma mumtima ndinanyadira. Ndinatulutsa bokosi langa n'kuyeza mkono wa mayi anu pakhonde. Wotchi zimenezi zili ndi kagetsi kobiriwira kunsi, kamene kamayenera kukhudza khungu. Lamba akakhwepa pang'ono, wotchi imasiya kuwerenga, ndipo kwa iwe kuja sikuoneka kanthu. Choncho muyeso wa chala chaching'ono uja ndinausiya, ndinamanga mogwira. Mayi anu anakaionetsa kwa amayi anzawo akutchalitchi, akuti mwana wanga ku Joni amadziwa ndikakwera chitunda.

Mvula itatha anayamba kusiya chakudya m'mbale, akuti m'mimba mukuwotcha. Tinayenda kuchipatala chachikulu maulendo angapo, ndipo pamapeto pake dokotala anatikhazika pansi n'kutiuza mosabisa kuti ndi khansa ya m'mimba, yapezeka mochedwa, chimene chatsala ndi mankhwala ochepetsa ululu. Tinakwera minibasi kubwerera ku Machinjiri. Titatsika, tikukwera kanjira kopita kunyumba, anaima n'kundigwira dzanja.

"Bambo a Fatsani, zimene mwamva muja zatsala momwemo," anatero. "Esinati akamva asiya ntchito, mwana wanga ndimamudziwa. Akabwera kuno adzatani, adzandichiritsa? Wavutika mokwanira. Fatsaninso asamve, pakamwa pake sipasunga kanthu kwa mchemwali wake. Mundilonjeze."

Ndinalonjeza. Zinali zomveka, ndipo kusunga za anthu ndiyo inali ntchito yanga moyo wonse. Sipanapite nthawi, iwe Esinati unaimba. "Amayi, wotchi mwavula? Kuno sikukuoneka kanthu." Iwo anati ankachapa. Atadula foni anabwera pamene ndinakhala, n'kuika mkono pabondo langa. Anandiyang'ana m'maso, akumwetulira pang'ono, n'kunena, "Madala, lambayu watanuka." Mawu amenewo anawasankha dala. Ndinafuna kulira, koma ndinatenga kanyundo kanga n'kuchotsa linki.

Umo ndi mmene tinakhalira miyezi ya chisanu ndi yotsatira. Ukafuna kuimba ya vidiyo, ankati netiweki ya ku Machinjiri ikuvuta, tingolankhula. Fatsani atabwera kamodzi kwa masiku awiri, anawapeza atavala juzi ziwiri ndi duku, akudandaula za kuzizira, ndipo anabwerera ku Mzuzu akungoti amayi akukalamba. Masana ankadzuka n'kugwira phewa langa, tiziyenda kuchoka pakhomo kukafika pa mtengo wa mango n'kubwerera, kubwerezabwereza, kuti wotchi iwerenge kuti ayenda. Nthawi zina ankaima n'kutsamira khoma, thukuta lili kamukamu, n'kundifunsa ngati zakwana. Anansi ankati tikukondana ngati achinyamata. Ine ndinkagona pafupi ndi mkazi wanga, kudya naye, kuyenda naye, koma sindinakhalepo ndekha ngati miyezi imeneyo. Patebulo la ku Ndirande, ndikalemedwa ndinkabwera kwa iwo. Tsopano ndikanapita kwa yani? Lamba akakhwepa ndinkachotsa linki, mbali iyi kenako mbali inayo, ndipo iwe unkaimba wosangalala kuti amayi akuyenda bwino masiku ano.

Tsiku lina masana, kukutentha kwambiri mvula isanayambe, anandipatsanso mkono pakhonde. Ndinavula wotchi n'kutembenuza lamba. Timivi tinali titatha, ndipo loko inali kale pa kabowo komaliza. Ndinayang'anabe, ngati kuti linki ina imera.

"Ochotsa atha, a Nankhoma," ndinatero.

"Ndiye dulani omatawo," anayankha. "Tupa muli nayo. Munthu amene ankasula mapini ku masipoko a njinga angalephere kachitsulo aka?"

Sindikanalephera. Kudula, kuboola ndi kulowetsa pini yatsopano ndi ntchito ya masana amodzi, ngakhale ndi zala zonjenjemera. Ndinatenga tupa ndithu n'kuigwira m'manja. Koma ndinkadziwa tanthauzo la malinki akatha, ndipo iwonso ankadziwa, chifukwa ndine ndinkawauza zaka zonse zija. Ndinaganiza za iwe, Esinati, utaima tsiku lina pamaso pa anthu ukunena kuti sanatiuze kanthu. Ndinaganizanso za chipinda chako chija ndi ntchito imene unaipeza movutikira, ndi za lonjezo langa kwa munthu amene sindinamunamizepo. Zonsezi zinali zoona, ndipo panalibe njira yozisungira zonse. Ndinabwezera tupa m'bokosi.

"Sindidula," ndinatero. "Ndikukamuimbira mwana."

"Munandilonjeza."

"Ndinalonjezadi."

"Bambo a Fatsani, mukamuimbira, ine ndi inu talekana kulankhula. Ndikunena ndili bwinobwino."

Mayi anu simunawadziwe ngati munthu woopseza chabe. Ndinatsika mpaka kumsewu, pafupi ndi chigayo, kuti asandimve. Unayankha mwansangala, ndipo ndinakuuza zonse osazungulira, chifukwa ndikanazungulira ndikanabwerera m'njira. Unamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako unati, "Koma adadi, wotchi ikuonetsa kuti ali bwino." Ndinati, "Lamba ndimachepetsa ndine, mwana wanga. Lero pochepetsa patha." Ndinaimbiranso Fatsani. Nditabwerera kunyumba ndinapeza wotchi ili patebulo, ndipo chitseko cha kuchipinda chinali chotseka.

Unafika pa basi sabata yomweyo. Anthu a ku Cape Town aja anakudikira pang'ono, koma mayi wokalamba sangakhale wopanda womusamalira, ndiye analemba wina. Zimene mayi ako ankaopa zinachitika ndendende, ndipo lero ukugulitsa kaunjika ku Zingwangwa chifukwa cha foni yanga ija. Zimenezi ndimazidziwa, sindiziiwala, ndipo sindikupempha kuti unene kuti palibe kanthu.

Mayi anu anasunga mawu awo. Atakuona analira n'kukukumbatira, n'kukukalipira chifukwa chobwera, koma kwa ine sanatembenuke. Kuyambira tsiku limenelo zonse zinkadzera mwa iwe. "Uwauze bambo ako madzi atha." "Uwafunse bambo ako ngati adya." Ine ndili pomwepo, mtunda wotambasula dzanja. Mankhwala ndikawapatsa ine ankalandira, pilo ndikakonza ankadzutsa mutu, koma mawu ayi. Ndinkakhala pampando kunja kwa chitseko n'kumamva mukucheza. Unkawapesa tsitsi, munkaimba nyimbo zakutchalitchi motsitsa, ankakuuza za utsikana wawo zimene ngakhale ine sindinazimvepo, ndipo nthawi zina munkaseka mpaka iwo kutsokomola. Fatsani akabwera kuseka kunkawonjezeka. Ndinkakondwa, Mulungu ndi mboni, chifukwa n'zimene ndinaimbira foni. Koma zinkandiwawa koopsa. Anthu akutchalitchi amandiuza masiku ano kuti nyumba iyenera kuti yachita zii chiikireni maliro. Ndimangovomera. Kwa ine inachita zii kalekale, anthu ali odzaza m'nyumbamo.

Patatsala masiku ochepa kuti atisiye, mvula inali itayamba. Fatsani anali atabwerera kuntchito, ndipo iwe unapita m'tauni masana kukatenga mankhwala. Ndinalowetsa mpando wanga m'chipinda n'kukhala pafupi ndi bedi, iwo ali mtulo. Kunja kunayamba kuda ndi mitambo, ndipo madontho anayamba kugunda malata. Anatsegula maso n'kuyang'ana kuchitseko, kenako pazenera, kufuna womutuma kwa ine. Munalibe wina aliyense. 

"Bambo a Fatsani," anatero, mawu ali pansipansi, "nthawi ili bwanji?"

Ndinawauza kuti kwatsala pang'ono kukwana folo. 

"Wachedwa mwanayu," anatero. "Sanatenge ambulera. Pitani mukamuchingamire pa siteji, anyowa."

Sindinafune kudzuka. Ndinkafuna kukhala pomwepo, mwina anenanso china, ngakhale chondikalipira. Koma anali atatseka kale maso, ndipo amenewo ndiwo mawu omaliza amene analankhula kwa ine mwini. Ndinaitana mayi woyandikana nafe kuti akhale nawo, n'kutenga ambulera n'kutsika. Pa siteji ndinaima ndekha pansi pa khonde la okala, kusuzumira minibasi iliyonse imene yaima. Utatsika n'kundiona unadzidzimuka, nkhope yonse kusintha.

"Adadi, chachitika n'chiyani? Mwawasiya bwanji amayi?"

"Palibe chachitika," ndinatero, n'kukufunditsa ambulera. "Andituma okha."